Mwini filimu safa

Anthu ena amaweruza milandu atavala mkanjo ndi tsitsi loyera lochita kugula. Ine ndimaweruza mafilimu, ndipo sindinagulepo kanthu kovala. Ukatswiri wangawu ndinauphunzira pa benchi la zigwagwa, m'kachisakasa ka malata a dzimbiri kuseri kwa msika, komwe chitseko chinali chiguduli ndipo mwini malo ankatolera matambala m'chitini cha mkaka. Mayi a kunyumba amati zaka zimenezo ndinangozitaya. Ine ndimati inali sukulu, kungoti satifiketi sankapereka.

Ana a lero amene anabadwa foni ili m'manja ayenera kudziwa kuti dziko lino linalibe wayilesi yakeyake ya kanema mpaka mu 1999. Amene anakulira ku Blantyre amanyada ndi holo ya kanema ya Apollo, ati ankalowa atapisira malaya. Koma ngakhale iwowo sankaonera filimu yathunthu, chifukwa lamulo la mu 1968 linapatsa a Censorship Board lumo lakuthwa. Mnyamata akangoyandikira mtsikana, maso atayamba kulemera, mwadzidzidzi kwacha, onse awiri ali pa tebulo akumwa tiyi. Ife a ku vidiyo sho tinalibe nazo ntchito zimenezo. Zopsompsonana tinkazidula tokha ndi mkuwo.

Malo athu aja anali ndi dongosolo lake. Panja pankakhala bolodi lolembedwa ndi choko, ndi chisipika chopachikidwa pa mtengo kuti kulira kwa mfuti kuitane anthu mpaka kuchigayo. M'kati munali sikirini yaing'ono pamwamba pa shelefu, deki yofundidwa kansalu, ndi nsikidzi zomwe zinkaonera ulere. Deki ikatafuna tepi, mwini malo ankaitsegula ndi mpeni, n'kupukuta m'kati ndi pepala lonyowetsa ndi sipiriti, ife tili chete kudikira wodwala. Magetsi akathima, jenereta ankayamba wapita kukagulidwira mafuta. Ndipo nthawi zonse pankakhala mkulu wina amene filimuyo anaionera kale kangapo, ntchito yake kutichenjeza: "Onetsetsani apa, uyu amubaya!" Palibe ankamukalipira. Tinkamupatsa malo abwino ndi mtedza.

Lamulo lalikulu lomwe ndinaphunzira mmenemo ndi lakuti mwini filimu safa. Akhoza kumenyedwa, kumangidwa, kuponyedwa kuphompho, kuphedwera mphunzitsi wake ndi galu yemwe, koma kufa ayi. Amathawira kuphiri, kukatunga madzi ndi ndowa ziwiri kwa nkhalamba ya ndevu zoyera, kumenya mitengo ndi zikhatho, n'kubwerera kudzalipiritsa ngongole. Mu Commando ya mu 1985, Arnold Schwarzenegger amayamba kuoneka atasenza chimtengo chathunthu paphewa. Pomwepo tonse tinadziwa kuti amene adzabe mwana wa munthu ameneyu wadziputira. Mfuti yake sinkatha zipolopolo, ndipo palibe anafunsa chifukwa. Mu Enter the Dragon ya mu 1973, Bruce Lee atalowa m'chipinda cha magalasi okhaokha kusaka mkulu wa zigawenga, tonse tinaimirira kumuuza komwe mdani wabisala. Anatimvera ndithu, chifukwa anamupeza.

Kutuluka mmenemo aliyense ankayenda manja atatakataka, khosi litauma. Ine ndinakamenya theche mtengo wa papaya wa agogo. Mtengowo ulipobe mpaka lero. Chala chakuphazi ndi chimene chinapindika.

Chigamulo chathu sichinkachedwa. Munthu akafunsa pakhomo kuti "ili bwanji?", mayankho anali awiri basi: "muli ndewu" kapena "ndi yolongolola". Filimu ikayamba zolongolola, anthu awiri atakhala m'galimoto kukambirana za banja lawo, benchi lonse linkaphulika: "Thamangitsani! Tibwezereni ndalama zathu!" Mwini malo ankadina batani, anthu aja n'kumalankhula mothamanga mpaka wina atatulutsa mfuti. Olemba mbiri amati ufulu wolankhula unabwera ndi referendamu ya mu 1993. Iwowo sanalowepo mu vidiyo sho.

Mlandu waukulu womwe khoti lathu linazengapo ndi wa Titanic. Filimuyi inatuluka mu 1997, inatenga mphoto 11 za Oscar, ndipo kutalika kwake kumapitirira maola atatu, moti inabwera pa matepi awiri. Tepi yoyamba yonse inatha popanda womenyedwa mokhutiritsa. Mdani weniweni anali chiphiri cha madzi oundana, chomwe chinagunda sitima n'kumapita osalangidwa ndi wina aliyense. Kenako chinachitika chinthu choswa malamulo onse: Leonardo DiCaprio, mwini filimu, anafa. Osati ndi bomba kapena lupanga, koma ndi kuzizira, atagwirira thabwa lomwe mtsikana anagonapo yekha mwaufulu. Mkulu wina wochokera ku Nkhotakota analumbira kuti asodzi akwawo akanakwanapo asanu pa thabwa limenelo, ndi ukonde womwe. Wina atatiuza kuti sitimayo inamiradi mu 1912 ndipo anthu oposa 1,500 anafa, tinawamvera chisoni anthuwo, koma filimu sitinaikhululukire. Mpaka pano ndikamva kuti Oscar, ndimangoti anthu amenewo amapatsana pachibale.

Ndi maphunziro onsewa m'mutu, mwana wa mlongo wanga atalandira malipiro ake oyamba anati: "Amalume, inu ndi azakhali ndikufuna mukaone kanema weniweni." Ndinamuyang'ana mwachifundo. Mwana amene ndinamusenza ali wamamina akufuna akandionetse ine kanema?

Mtengo wa tikiti sindiunena, kuopa kuti achibale akumudzi angamve n'kuyamba kumutumizira mavuto mwanayo. Koma za mbuliwuli ndiyenera kunena. Chimanga chomwechi timalima tokha, chokazingidwa n'kuthiridwa kamchere, mtsikana wogulitsa ananditchulira mtengo wake akumwetulira. Ndinafunsa ngati akupereka ndi munda womwe. Mayi a kunyumba ananditsina pamkono, n'kuuza mtsikanayo kuti, "Musawamvere awa, sanadye."

M'kati munali mdima wonunkhira bwino, pansi pofewa, ndi kamphepo kozizira kosadziwika kochokera. Mpando wake ndi wamwano: ukautsitsa n'kutembenuka kuti ukonze jekete, iwo wabwerera kale m'mwamba. Ndinakhala pamphepete pake kwa kanthawi, mawondo ali lende, ndikuganiza kuti ndi mmene azungu amakhalira, mpaka mwana wa mlongo wanga anandinong'oneza.

Sikirini itayaka, yaikulu kuposa khoma la nyumba yanga, ndinavomereza mumtima kuti apa pokha atiposa. Filimu inayamba mwamphamvu: galimoto kuphulika, ndege kugwa, munthu kudumpha kuchokera pansanjika, zonse m'mphindi ziwiri. Kenako inatha. Ndinaomba m'manja. Ndinati iyi ndiye filimu, yopanda zolongolola, yolemekeza nthawi ya munthu. Inabwera yachiwiri, yaifupinso chimodzimodzi, ndinaipatsa chigamulo chabwino. Pa yachitatu ndinayamba kutola chipewa kuti tizipita, ndalama zathu zagwira ntchito.

"Amalume, khalani pansi. Akungotionetsa zomwe zidzabwere mwezi wamawa."

Filimu yeniyeniyo itayamba, mawu ankachokera mbali zonse. Chitseko chikamenyedwa pa sikirini, ine ndinkatembenuka kuona amene walowa kumbuyo. Koma pang'onopang'ono ukatswiri unayamba kubwerera. Ndinazindikira mwini filimu asanalankhule. Ndinazindikiranso mnzake wosekerera kwambiri uja kuti ndi kazitape, ndipo monga munthu wokonda anzake, ndinadziwitsa holo yonse. Chigawenga chitanyang'ama ndi mpeni, ndinachita zomwe aliyense woleredwa bwino angachite: "Kumbuyo kwako, iwe!"

Mayi wina kutsogolo anatembenuka n'kuti "shhh". Ndinaganiza kuti akuthamangitsa nkhuku. Posakhalitsa kunabwera mnyamata wa yunifolomu ndi katochi, n'kugwada pambali panga mwaulemu wonse: "Pepani abambo, anzanu akudandaula. Tikupempha muzionera chamumtima."

Chamumtima! Anthu mazana atakhala duu ngati ali pa siwa, komatu ngakhale pa siwa amayi amaimba. Munthu akuphedwa pamaso pawo, iwo akungotafuna mbuliwuli. Wina akaseka, amaseka mobisa, n'kuyang'ana uku ndi uku. Ndiye munthu angadziwe bwanji kuti filimu ndi yabwino ngati anzake sakumuuza? Kwathu kuja chigamulo chinkaperekedwa mlandu uli m'kati, ndi khamu lonse, ndipo wosagwirizana nacho ankayankhidwa pomwepo. Kuno aliyense amasunga maganizo ake, n'kukawatulutsa ali yekha pa foni.

Ndinatseka pakamwa. Tsono thupi langali linapangidwa mwakuti pakamwa pakatsekeka, maso amatsatira. Onjezanipo mpando wofewa, kamphepo kaja, ndi kusowa kwa nsikidzi zomwe zinkatithandiza kukhala tcheru. Ndimakumbuka mwini filimu akukwera sitima yapamtunda. Ndimakumbukanso chigongono cha mayi a kunyumba m'nthiti mwanga, kangapo. Nditatsegula maso bwinobwino, pa sikirini pankayenda mayina, ndipo anthu anali chikhalire kuwerenga. Ndinafunsa ngati pali m'bale wawo pa mndandandawo. Akuti ayi, amadikira kachidutswa kena kobisika kumapeto. Filimu ya masiku ano imatha kawiri.

Panja mwana uja anafunsa: "Mwaiona bwanji, amalume?"

Woweruza sasowa chigamulo. Ndinakonza kukhosi n'kufotokoza kuti chiyambi chinali bwino, mathero analinso bwino, koma pakati nkhani inadumpha. Munthu anali m'sitima, mwadzidzidzi ali m'chipululu, ali ndi mkazi, dzanja lamangidwa bandeji. Wolemba filimuyo, ndinatero, anachita ulesi.

"Pakati pamene mukunenapo," anatero mayi a kunyumba, "ndi pamene munkaliza mkonono. Mnyamata wa tochi anabweranso kachiwiri, anakuyang'anani, n'kuona kuti bola mkonono kusiyana ndi ndemanga."

M'minibasi mwana wa mlongo wanga anandionetsa pa foni mmene anzathu amagamulira. Ali ndi nyenyezi, zisanu ikakhala yabwino. Ali ndi malo ena otchedwa Rotten Tomatoes, komwe amawerengetsera kuti mwa akatswiri 100 ndi angati aikonda. Anandiuzanso za Roger Ebert wa ku Chicago, amene mu 1975 analandira mphoto ya Pulitzer chifukwa cholemba za mafilimu m'nyuzipepala, ndipo pa TV iye ndi mnzake Gene Siskel ankangoloza chala chachikulu kumwamba kapena pansi. Apa mtima unandipweteka. Munthu kulipidwa chifukwa chokhala pansi kuonera filimu n'kukweza chala! Zala zazikulu ndili nazo ziwiri, chachitatu chopindika chakuphazi, ndipo palibe anandipatsapo ngakhale botolo la thobwa.

Mafilimu akwathu ndiye ndimawagamula mwachangu kwambiri, nthawi zambiri ndisanawaonere. The Last Fishing Boat ya Shemu Joyah itatuluka mu 2012, ndinauza anzanga pa bawo kuti mulibe ndewu, n'kutseka mlandu. Joyce Mhango Chavula atawina mphoto ya Africa Magic ku Nigeria mu 2016 ndi filimu yake ya Lilongwe, ndine ndinali woyamba kulengeza pa bawo lomwelo kuti luso la mayi ameneyu ndinaliona kalekale. Imene ndinaionera yonse osaphethira ndi The Boy Who Harnessed the Wind ya mu 2019, nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu. Osati chifukwa cha makina amphepo aja ayi. Ndinakhalira kutchera khutu Chichewa cha Chiwetel Ejiofor, wobadwira ku London, ndi cha Maxwell Simba wa ku Kenya, n'kumawakonza mawu amodziamodzi. Lily Banda wakwathu kuno akalankhula ndinkapumira m'mwamba. Mwana wanga wamkazi anangoti: "Adadi, iwowo ayesetsa chilankhulo cha eni. Inu Chingerezi chanu cha ku banki chija amakonza ndani?" Mwana ameneyu sukulu ikumuwononga.

Chomwe chandibwezera ulemu ndi zimene zikuchitika m'mavidiyo sho a masiku ano. Pita pa msika uliwonse, umva Jet Li akulankhula Chichewa. Achinyamata ena amatenga filimu ya ku China kapena ku India, n'kuikamo mawu awo pamwamba: amamasulira, amachenjeza mwini filimu, amanyoza chigawenga, mzinda wa Hong Kong n'kuusandutsa Ndirande. Ndiye kuti ntchito ija anandiletsa mnyamata wa tochi, anzanga akudyera. Ndemanga yalowa m'kati mwa filimu mwenimweni, ndipo palibe angaiuze "shhh".

Ndinapita kwa mmodzi wa iwo, m'kachipinda kodzaza mawaya kuseri kwa malo ometera, n'kumuuza kuti wapeza munthu wa ntchito. Anandiyang'ana imvi, n'kundipatsa maikolofoni ndi filimu yakarate kuti andiyese. Ndinayamba bwino kwambiri. Mwini filimu atangotulukira, ndinatsimikizira oonera kuti asade nkhawa, ameneyu safa, mphunzitsi wake ndiye afa, ndipo wopereka anzake ndi wa chipewa chofiirayo. Mnyamatayo anaimitsa kompyuta.

"Madala, mwatha filimu yonse pa mphindi zitatu. Anthu alipira kuti aonere chiyani?"

Ndinamufotokozera kuti kwathu munthu wotero tinkamupatsa mtedza. Analemba nambala yanga pa chikhatho, n'kunena kuti andiyimbira. Ndaletsa ana onse kusewera ndi foni yanga, ndipo ku tchalitchi ndimakhala pafupi ndi khomo kuti ikalira ndisavutike kutuluka.