Msoti wanga ndi mbewu ya Friesian

Nditagulitsa soya pa Nsaru, ndinagula msoti wa ng'ombe, Malawi Zebu weniweni wa linunda, ndili ndi mtima wakuti poti ndinakula ndikubusa za agogo ku Kabudula, nkhani ya bere singandivute. Kubusa n'kwina, kubereketsa n'kwina, ndipo ine kwachiwiriko sindinkakudziwa.

Ndinayamba ndi nkhunzi ya a neba. Ndinamukoka msotiyo pachingwe dzuwa lili paliwombo, ana akunditsatira, amayi apamjigo atasiya kupopa, ndiye titafika nkhunziyo inangomununkhiza n'kubwerera kumsipu, eni khola n'kundifunsa mwaulemu kuti, "Kodi bambo, mwamuona akufuna?" Ndinasowa poyang'ana. Apa m'pomwe ndinamva kuti ng'ombe imafuna nkhunzi pakatha masiku pafupifupi 21, kwa maola ochepa chabe, ndipo zathu zachikudazi zimakonda kuonetsa usiku. Anawonjezanso kuti msotiyo thupi linali lisanakwane, ndiyambe ndamupatsa madeya ndi nsenjere.

Msotiyo atanenepa ndinati tsopano tipite chizungu, AI, njira yomubaya mbewu ya nkhunzi. Tsiku lomwe anayamba kulira mosalekeza, kukwera anzake ndi kutulutsa chikazi choyera, ine ndinati ndimalize kaye kupalira, foni n'kuthera moto, airtime osagula, mpaka mlangizi wa ziweto anafika mawa lake madzulo n'kundiuza kuti nthawi yadutsa, poti ukamuona m'mawa amayenera kubayidwa madzulo a tsiku lomwelo. Ya mafuta a njinga yamoto ndinalipira ndithu.

Ulendo wotsatira ndinali tcheru, koma ndinalakwa kuposa kale. Mlangizi anandilangiza mbewu ya Jersey, yomwe thole lake limabadwa laling'ono, kapena nkhunzi yachikuda pa bere loyambali. Ine m'maso munali zigubu za mkaka zopita ku bulking group, komwe alimi amasonkhanitsa mkaka wogulitsa, ndiye ndinakakamira Friesian. Thole la Friesian limatha kubadwa ndi makilogalamu 40, pamene chiuno cha msoti wa Zebu n'chopapatiza. Anandiuza zonsezo, ndinamva, koma ndinati ng'ombe ndi yanga.

Miyezi 9 itakwana, usiku wa mvula, miyendo ya thole inatuluka mutu osaoneka, ine ndili chogwada m'matope a m'khola tochi pakamwa, ndikukoka ndi chingwe cha ngolo mosadziwa kuti pokoka umatsatira kubuula kwa make, mayi a kunyumba akundichonderera kuti ndiimbe foni, ine ndikuti ndatsala pang'ono. Mlangizi atafika m'bandakucha anatulutsa thole lakufa. Msotiyo anakhala chigonere masiku angapo, ndipo kumuona akulephera kuimirira chifukwa cha liuma langa kunandiwawa kuposa ndalama za mankhwala.

Anachira, ndipo pano ali ndi bere la Jersey. Anzanga a ku Namitete, Mpingu ndi Nambuma amene muli ndi msoti m'khola, bere loyamba musathamangire mkaka. Dikirani thupi likwane, sankhani mbewu ya thole laling'ono, ndipo akayamba kuvutika pobereka itanani mlangizi nthawi yomweyo.