Kiyi Anatsalira ku Joni

Zamakompyuta sindinaziphunzire kukoleji. Ntchito yanga ndi yowerengera ndalama pakampani ina yaing'ono ku Limbe, koma poti sindiopa kutsegula Settings, aliyense amathamangira kwa ine. Printa ikakana kusindikiza amandiitana. Fulashi ikachokera kumalo otayipitsa, mafayilo onse atasanduka mashotikati, ndimatsegula cmd n'kulemba attrib -h -r -s /s /d, mafayilo aja n'kuonekeranso, mwini wake n'kundithokoza ngati ndamupezera mbuzi yosochera. Kunyumba nako n'chimodzimodzi: WhatsApp ya amayi, foni ya alamu yodzaza zithunzi, imelo ya mng'ono wanga yofunsira ntchito. Kwa zaka zambiri zinthu zinkatheka, mpaka ndinafika pokhulupirira kuti chilichonse chimene ndingasokoneze pakompyuta ndingathenso kuchibwezera m'malo.

Azakhali anga amakhala ku Bangwe, ndipo ndiwo mlembi wa banki mkhonde ya amayi a m'dera lawo. Gululi limakumana sabata iliyonse, kugula masheya, kubwereketsana ndalama n'kumabweza ndi chiwongoladzanja, ndipo Disembala ikakwana amagawana. Ndalama za m'Disembalazo zimakhala zili kale ndi ntchito: feteleza, fizi ya mu Januware, malata a nyumba imene ikudontha. Mayi aliyense ali ndi kabuku kake, koma chiyambire pamene msuweni wanga anatumiza laputopu kuchokera ku Johannesburg, kaundula weniweni anasamukira mu Excel. Fayiloyo ndinaikonza ndine, ndi mafomula owerengera okha chiwongoladzanja, ndipo azakhali anaizolowera kwambiri moti hadikava yakale ya gulu ankangoilemba mwa apo ndi apo.

Chakumapeto kwa Novembala 2025 ananditumizira laputopuyo kudzera mwa mdzukulu wawo. Madandaulo anali awiri: ikuchedwa kuyaka, ndiponso ikumatulutsa uthenga wina umene unkawaopsa. Kuchedwako kunali kosavuta. Ndinadina Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, n'kupeza mu Task Manager mapulogalamu ambirimbiri oyamba okha kompyuta ikangoyaka. Nditawazimitsa inapepuka nthawi yomweyo. Uthenga uja unkangonena kuti Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Izi sizitanthauza kuti kompyuta yafa. Imagwirabe ntchito, kungoti sikulandiranso zigamba zotsekera mipata ya achiwembu, ndipo ngakhale pamenepo, pa nthawiyo panali njira yolembetsera kuti zigambazo zizibwerabe mpaka pa 13 Okutobala 2026. Zonsezi ndinkazidziwa. Ntchito imene anandituma inali itatha, ndipo laputopuyo ikanatha kubwerera ku Bangwe madzulo omwewo.

Koma ndinafuna kuwabwezera chinthu choposa chimene anapempha. Ndinaganiza zoikamo Windows 11.

Laputopuyo inali ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wa 7, pamene Windows 11 imalandira kwenikweni kuyambira m'badwo wa 8. Njira yozembera malire amenewa ndinkaidziwa: pulogalamu ya Rufus imakonza fulashi yoikira Windows n'kukulola kuchotsa zina mwa zofunikazo. Ndinagula bandulo yausiku, n'kutsitsa fayilo yoposa ma GB 5. Fulashi yaikulu ndinali nayo imodzi yokha, ndipo Rufus imafufuta zonse zimene zili pafulashi isanaikepo zake. Choncho fulashi imene ndikanakoperapo mafayilo a azakhali ndi yomweyo imene ndinaisandutsa choikira Windows. Mumtima ndinati mawa ndibwereka ina kuntchito, usiku uno ndingoyesa ngati fulashiyi ikuyaka.

Sinaoneke pamndandanda wa boot. Vidiyo ina pa YouTube inati ndilowe mu BIOS ndizimitse Secure Boot, ndipo ndinatero. Laputopu itayakanso, panabwera sikirini ya buluu imene ndinali ndisanaionepo pamakina a wachibale aliyense. Pamwamba panalembedwa BitLocker, ndipo inkafuna recovery key ya manambala 48.

Apa ndifotokoze pang'ono, chifukwa anthu ambiri ali ndi chinthuchi m'malaputopu awo koma sadziwa. BitLocker imasokoneza zonse zolembedwa pa disiki kuti wopanda kiyi asawerenge kanthu. Pamalaputopu ambiri imayamba yokha mwini akangolowa ndi akaunti ya Microsoft tsiku loyamba, popanda phokoso lililonse. Kiyi wa tsiku ndi tsiku amasungidwa m'kachipangizo kotchedwa TPM, ndipo nthawi iliyonse kompyuta ikamayaka, kachipangizoka kamayang'ana ngati zinthu zili momwe kanazisiyira. Zikasintha, monga Secure Boot kuzimitsidwa, kamakana kutulutsa kiyi, poopa kuti mwina ndi wakuba akuyesa kulowera kuseri. Ine ndimaona kuti ndi nzeru yabwino, chifukwa malaputopu amabedwa m'maminibasi ndi m'maofesi, ndipo za mkati mwake siziyenera kupita ndi wakubayo. TPM inachita ntchito yake molondola. Pa nthawi imeneyo ndikanangobwerera mu BIOS n'kuyatsanso Secure Boot, nthawi zambiri kompyuta imatseguka ngati palibe chachitika.

Ine mantha anandigwira. M'malo mobwezera chimene ndinasintha, ndinayamba kufufuza mothamanga pafoni, ndipo penapake ndinawerenga kuti vuto la TPM limatha ukaichotsa zonse. Mu BIOS munalidi mawu oti Clear TPM. Kompyuta inandichenjeza, ine n'kuvomera osawerenga chenjezolo mpaka kumapeto. Pamenepo kiyi amene anali m'makinamo anafufutika kotheratu. Ndinayatsanso Secure Boot pambuyo pake, koma zinali zitachedwa. Khomo limodzi lokha ndi limene linatsala, la manambala 48 aja.

Manambalawo amasungidwa mu akaunti ya Microsoft ya munthu amene anayamba kulowa m'kompyutayo, ndipo munthuyo anali msuweni wanga. Ndinamuimbira pa WhatsApp m'mawa mwake asanalowe ntchito.

"Msuweni, laputopu ya amayi ija unaitsegula ndi imelo iti?"

"Ya Outlook. Bwanji, yatani?"

"Ikufuna kiyi wina. Lowa mu akaunti yako, upite pa Devices, undiwerengere manambala."

Pasiwedi anaikumbukira, ndipo mtima wanga unakhala pansi kwa kamphindi. Kenako akauntiyo inati itumiza khodi panambala ya foni, ndipo nambalayo inali ya simu imene inapita ndi foni yake yobedwa chaka chapitacho. Imelo ina yothandizira sanaikepo. Njira ilipo ya munthu wotere: umanena kuti nambala yakaleyo ulibe, n'kupereka yatsopano, koma umadikira masiku 30 isanayambe kugwira ntchito. Masikuwo anaikidwa kuti ngati wosinthayo ndi wakuba, mwini wake apeze mpata woletsa. Ngakhale a Microsoft eni ake sangakupangire kiyi wina. Ndinawerenga pakalendala: masiku 30 ankathera pambuyo pa Khirisimasi, pamene gulu linagwirizana zogawana pakati pa Disembala.

Ndinapita nayo kwa mnyamata wina wokonza makompyuta ku Limbe komweko. Anachotsa disiki n'kuilumikiza kukompyuta yake, nayonso inafunsa kiyi yemweyo. Anandiuza mosabisa kuti atha kuifomata ikhale ngati yatsopano, koma za mkatimo ndiiwale. Ndinamuthokoza chifukwa sanandilonjeze zosatheka, ndipo ndinaibweza m'chikwama.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi chimene ndinachita m'masiku otsatira. Azakhali ataimba kufunsa, ndinawayankha kuti laputopu ikupanga update, apirire pang'ono. Ataimbanso ndinati netiweki ikuvuta. Ndinkayembekezera kuti mwina msuweni apeza simu yakale ija, mwina chozizwitsa china chichitika ndisanaulule. Masiku amene ndinawabisirawo ndi omwe gulu likanayamba kusonkhanitsa timabuku. Mkazi wanga ndiye anandiimitsa. Anaona kuti sindikudya bwino, ndinamufotokozera, ndipo anati, "Mawa lomwe mupite ku Bangwe. Azakhali akamva kwa mwana wawo wa ku Joni, mudzawayang'ana bwanji?"

Ndinawapeza akusankha nyemba. Ndinafotokoza zonse, kuyambira fulashi mpaka bodza la update. Sanakalipe. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Mwanangu, ndalama zimenezi si zanga. Ukudziwa zimene anthu amalankhula mlembi akanena m'Disembala kuti kaundula wasowa?"

Ndinkadziwa. Chaka chilichonse timamva za magulu amene asokonekera nthawi yogawana, wina atathawa ndi bokosi kapena mabuku atasinthidwa. Mayi amene wasunga mbiri yake zaka zonsezi m'dera ndi kutchalitchi akanatha kutchedwa wakuba chifukwa cha batani limene ndinadina ine usiku ndili ndekha. Ndinawapempha kuti pamsonkhano wotsatira ndikalankhule ndekha, ndipo anavomera.

Kuima pamaso pa amayi aja kunali kovuta kuposa sikirini ya buluu ija. Ndinatsegula laputopu kuti aone okha, n'kunena kuti azakhali sanakhudze chilichonse, wolakwa ndine, ndipo fayilo ikadali momwemo koma yatsekeka mpaka kumapeto kwa mwezi. Ena anang'ung'udza. Mayi wina anafunsa chifukwa chimene zinthu za gulu zinapitira kunyumba kwa munthu amene si membala, ndipo funsolo linali loona. Wapampando anati, "Achimwene, tamva. Koma mvula yagwa kale, chimanga sichidikira laputopu. Mutithandize kuwerenga."

Tinayamba ndi timabuku. Masheya sanavute kwenikweni, chifukwa sheya iliyonse imadindidwa m'kabuku ka mwini wake pamsonkhano. Ngongole ndi zimene zinatizunza. Ena ankabweza pamanja, ena pa Airtel Money, ena pa Mpamba, ndipo si onse ankabwera ndi kabuku tsiku lobweza. Msungichuma anali asanafufute mauthenga a ndalama m'foni yake, ndipo tinawalemba limodzilimodzi ndi masiku ake. Chinatipulumutsa kwambiri ndi chizolowezi cha azakhali chojambula sikirini ya laputopu kumapeto kwa mwezi n'kutumiza pagulu la WhatsApp. Zithunzizo zinali zopendekeka, zina zowala pakati, ndipo za miyezi ina panalibe, koma zinatipatsa poyambira. Ndikaweruka kuntchito ndinkakwera minibasi ya ku Bangwe, n'kukhala pakhonde ndi azakhali, msungichuma ndi kakyuleta mpaka mdima. Chiwongoladzanja chimene fomula inkawerenga m'kuphethira kwa diso tinkachiwerenga pamanja, mwezi ndi mwezi, munthu ndi munthu, ndipo tikasiyana ndi ndalama za m'bokosi tinkayambiranso.

Kugawana kunachedwa ndi sabata yathunthu. Pali amene anathira feteleza wokulitsa mochedwa chifukwa cha ine, ndipo pali mayi wina amene anakongola kwa katapila kuti asaphonye oda ya kaunjika wa Khirisimasi. Pa tsiku logawana panatsala mkangano umodzi. Mayi wina wogulitsa mandasi anaumirira kuti mu Ogasiti anabweza gawo la ngongole yake pamanja, koma m'kabuku mwake munalibe, m'hadikava munalibe, ndipo chithunzi cha mwezi umenewo chinali chimodzi mwa zosowa zija. Gulu linamudula ndalamazo pa gawo lake. Analandira zotsalazo osanena kanthu, n'kunyamuka mwambo usanathe.

Masiku 30 atakwana, msuweni analowa mu akaunti yake. Munali makiyi a makompyuta angapo amene anagwiritsapo ntchito, choncho ndinamuwerengera zilembo 8 zoyambirira za Key ID zimene zinali pasikirini, iye n'kupeza wofanana nazo. Ananditumizira chithunzi: magulu 8 a manambala, lililonse manambala 6. Ndinawalemba pang'onopang'ono, ndipo Windows 10 inatseguka, fayilo ya gulu ili pa Desktop pomwe azakhali anaisiya.

Ndisanachite china chilichonse ndinaikopera pafulashi yatsopano ndi pa Google Drive ya azakhali. Ndinatsegula cmd ngati administrator n'kulemba manage-bde -protectors -get C:, lamulo limene limaonetsa manambala 48 aja kompyuta ikadali yotseguka, ndipo silitenga ngakhale mphindi imodzi. Ndinawalemba papepala kawiri, lina la azakhali, lina lokasungidwa m'bokosi la gulu. Laputopuyo ndinailembetsa kuti izilandirabe zigamba za Windows 10, ndipo za Windows 11 ndinazisiya.

Kenako ndinatsegula tsamba la Ogasiti. Dzina la mayi wa mandasi uja linalipo, ndi tsiku lake, ndi ndalama zenizeni zimene ankanena. Ndinasindikiza tsambalo kuntchito n'kupita nalo ku Bangwe. Azakhali anati gulu limubwezera pamsonkhano woyamba wa Januware, koma ine ndinapempha kuti asadikire, ndipereke ndine tsiku lomwelo, gulu lidzaone lokha chochita pambuyo pake. Tinapita limodzi kunyumba kwake. Anawerenga pepalalo, anawerenga ndalamazo, kenako anauza azakhali kuti chaka chatsopanocho alowanso m'gulu, pokhapokha ngati ndalama iliyonse yobwezedwa izilembedwa m'kabuku ndi m'hadikava pamaso pa onse isanalowe mulaputopu. Pamsonkhano wa Januware amayi onse anavomereza, ndipo lamulolo analilemba m'malamulo a gulu.