Ulemu kwa giyabokosi yosabwerera m'mbuyo

Mwa akuluakulu onse amene amalamulira dera lathu la Samora Machel muno mu Tete, palibe amene amamveredwa msanga kuposa giyabokosi yotopa. Mfumu ikaitanitsa msonkhano, anthu amafika dzuwa litapendeka, ena osabwera n'komwe. Koma giyabokosi ikangokhosomola kamodzi, bambo wandevu zake amagwada m'fumbi ndi buluku la ku ofesi, n'kumasuzumira kunsi kwa galimoto modzichepetsa. Injini imatchuka ndi phokoso, matayala amapukutidwa Loweruka lililonse, pomwe giyabokosiyo imakhala kumdima, kusenza banja lonse ndi matumba a makala, osapempha kanthu kupatula malita ochepa a oyilo. Oyiloyo timaimana.

Lero ndavula chipewa kuti ndiitamande, makamaka ija inataya rivesi.

Muwaone aneba athu a Ractis yotuwa. Chithawireni rivesi m'galimoto mwawo, asanduka munthu woona patali. Saimika chiimikeimike. Asanazimitse injini amayamba ayeza malo ndi maso, kuona ngati kutsogolo kulibe khoma, mtengo kapena mayi wokazinga mbatata. Ku msika wa Kwachena amazungulira mpaka atapeza potulukira chamtsogolo, ngakhale kukhale kutali kwakuti mayi a kunyumba amafika pagalimoto nsomba za pende zitayamba kudandaula. Kwawo anagumula mpanda wa kuseri kuti azilowera uku n'kutulukira uko, ndipo kuti njira yatsopanoyo imadutsa pa chingwe choyanikira zovala cha eni ake, imeneyo ndi nkhani yaing'ono. Masamu akawalaka, ana a dera lonse amapeza ganyu. "Tiyeni ana inu, pang'ono pokha," amatero atatulutsa mutu pawindo, nkhope ili yaubwana. Ana amakankha, n'kulandira timametikali tawo. Ndani winanso walemba achinyamata ntchito chaka chino?

Musaiweruze mopupuluma giyabokosi imeneyi, yaona zambiri. Galimoto zochuluka za kuno ndi zogwiritsidwa kale ntchito ku Japan, ma Vitz, ma Ractis, ma Honda Fit, ndipo zambiri ndi zosintha magiya zokha. Zinakulira m'misewu yosalala, kuno n'kudzapeza October wa ku Tete, pomwe kutentha kumapyola madigiri 40, ndi mzere wodikira kuwoloka Zambezi. Mlatho wa Samora Machel unatsegulidwa mu 1973, galimoto zikadali zowerengeka. Wa Kassuende unabwera mu 2014 n'kutichotsera mathiraki akuluakulu, komabe madzulo, pakati pa machapa (maminibasi), ma txopela (timatakisi ta matayala atatu) ndi njinga zamoto za ku Matundo ndi Chingodzi, umasuntha mkono umodzi n'kuima, mkono wina n'kuima. Mphepo yoziziritsa palibe, ndipo mdani wamkulu wa oyilo wa m'giyabokosi ndi kutentha. Oyilo wa ATF akakhala watsopano amafiira psuu. Pa galimoto yomwe ili ndi kandodo koyezera, solola upukutire pa kansalu koyera. Ukapeza wada bii, akununkha chopserera, dziwa kuti timbale ta kilatchi m'katimo tayamba kudyeka.

Apa ndiye pamanditentha mtima, ndisabise. Munthu amagula masipika ogwedeza malata a mudzi wonse, amadetsa magalasi, amaika timagetsi tabuluu kunsi, koma ukamufunsa za oyilo wa m'giyabokosi amati, "Aja anathira ku Japan konkuja, achimwene, sasinthidwa." Amakaniko oona mtima amalangiza kusintha pakatha makilomita 40,000 mpaka 60,000, makamaka kotentha ndi kwafumbi. Tsiku lomwe watsimikiza mtima, amakagula wa m'botolo la madzi akumwa m'mbali mwa msewu, kwa mnyamata amene chiphunzitso chake ndi chakuti oyilo ndi oyilo basi. Chonsecho tambiri mwa tigalimoto timeneti ndi ta CVT, momwe mphamvu imadutsa pa lamba wachitsulo woyenda pakati pa mapule awiri. Lambayo amafuna oyilo wakewake. Ukamuthira ATF wamba amayamba kuterereka, kukanda mapule, galimoto n'kumanjenjemera ponyamuka. Ikafera panjira, abale amabwera ndi chingwe n'kuikoka kuchokera ku Moatize, makilomita pafupifupi 20, injini ili chete. Pampu ya oyilo imayendera injini, choncho ulendo wonsewo zitsulo zimapekesana zouma. Zomwe dzuwa linasiya, chikondi cha abale chimamaliza.

Ndiye pamabwera mwambo wa kwa mestre, makaniko wathu, pansi pa mtengo. Amamasula chibeseni cha kunsi, n'kukuonetsa maginito atamera ubweya wa tizitsulo. Amapaka pa chala, amanunkhiza, n'kukuyang'ana ngati namfedwa. "Bwana, apa pafunika ina." Ina imeneyo ili pakona, yokutidwa ndi thumba la simenti, ndipo nthawi zonse imakhala kuti yangofika kumene kuchokera ku Joni ndipo mwini wake anali gogo wongopita kutchalitchi. Chitsimikizo chake chimathera pa geti la galaja, kumene geti lilipo. Podikira ndalama galimoto imakhala pa miyala, mbuzi za ku Tete, zotchuka dziko lonse la Mozambique, n'kupeza mthunzi waulere. Nazonso zikanatha kulemba zikanasainira nawo chitamando chino.

Ya m'chapa sindiisiya. Mu Hiace ya magiya a pamanja, giya yachitatu ikayamba kudumpha yokha, dalaivala sapita kugalaja. Amaigwirizira ndi dzanja, kapena kumanga mkono wa giya ndi mphira wa chubu, ndipo wokhala pampando wa pakati kutsogolo amalipira mtengo wonse wa ulendo kuti bondo lake ligwire ntchito ya sipeya.

Koma mwa zonse, ndimaikonda giyabokosi yopanda rivesi chifukwa cha kukhulupirika kwake. Nyengo ya kampeni kumabwera akuluakulu kudzatiuza kuti tikupita chitsogolo, kubwerera m'mbuyo kunatha, ndipo aneba athu okha ndi amene amasunga lonjezolo tsiku ndi tsiku. Mvula ikakumba ngalande pakati pa msewu wa kwathu, iwo amalowamo ndithu, matope thoo, poti kwina kopita alibe. Tsiku lina kunabwera bwana wina kudzayendera ngalande yomweyo pa galimoto yaitali ya magalasi akuda. Inaima m'mphepete, windo linatsika pang'ono n'kukweranso, kenaka tinangomva kabelu kakulira, timagetsi toyera titayaka kumbuyo. Inabwerera chambuyo mpaka pa tala osagunda ngakhale nkhuku, ndipo mestre, yemwe anali chiimire ndi sipanala m'manja, anavomereza kuti rivesi ya galimoto imeneyo ndi yosamalidwa bwino kwambiri.