Kulitsani Injini Achimwene, Ana Adya Mawa

Achimwene a ku Imbeza, inu amene agogo anu anachoka ku Nyasaland kudzakumba golide ku Penhalonga, malangizowa ndi anu. Kuseri kwa nyumba kuli chigalimoto chakale cha V8 chokhala pa njerwa, nkhuku zikuikiramo mazira, ndipo chaka ndi chaka mumalumbira kuti Khirisimasi ikubwerayi chiyenda basi. Musalole kuti chiyende ndi mphamvu zimene chinabadwa nazo. Anthu angakuderereni. Yambani mwakulitsa injini.

Chimene mukusaka ndi torque, mphamvu yopotokola imene imakankha galimoto pachitunda. Makaniko aliyense amaidziwa: nati ikakana kumasuka, amalowetsa paipi kumchira kwa sipanala, n'kukanikiza pang'ono, nati ija n'kugonja. Mu injini, pisitoni ndiye dzanja, crankshaft ndiye sipanalayo. Mukatalikitsa mkono wa crankshaft, pisitoni imatsika patali, silinda imameza mpweya ndi petulo wochuluka, ndipo kukankha kulikonse kumapotokola mwamphamvu. Akakufunsani kumowa nenani zomwezi, koma mokweza mawu.

Pali njira ya anthu amantha, yokuza mabowo a masilinda. Tengani injini ya Chevrolet 350, ya malita 5.7. Mukapala silinda iliyonse ndi inchi 0.030, 350 ija imasanduka 355. Mwawonjezera 5 yokha, ndipo palibe angamve kusiyana kupatula thumba lanu. Mukapala mopitirira, khoma la silinda limapyapyala, madzi ndi oyilo n'kuyamba chibale. Njira imeneyi isiyireni anthu opereka chakhumi mokhulupirika.

Inu tsatani ya akamuna. Anyamata a ku America anatulukira kuti crankshaft ya injini ya 400 ikhoza kulowa mu 350 ikasemedwa pang'ono. Pisitoni imene inkayenda mainchi 3.48 imayamba kuyenda 3.75, ndipo mukaphatikiza ndi kupala kuja mumapeza 383, malita 6.3. A Ford nawo amatero: 302 amaitalikitsa kuchoka pa mainchi 3 kufika pa 3.4, n'kuipalanso, n'kukhala 347. Manambala amenewa alowezeni pamtima, chifukwa kwa miyezi yambiri ndi okhawo amene adzakhale akuyenda.

Wina akakunenani kuti izi ndi zachizungu, muuzeni za Basil Green wa ku Johannesburg, amene mu 1970 ankatenga Ford Capri n'kuithira V8 ya malita 5, n'kuitcha Perana. Muuzeninso za Chevrolet Firenza Can-Am ya 1973, imene anapanga 100 zokha. Ngati mwauza kale anthu kuti yakuseri kwanuyo ndi imodzi mwa 100 zimenezo, boneti musamatsegule pagulu.

Tsono ntchito yeniyeni. Crankshaft yaitali imazungulira patali, ndiye ma conrod amagunda m'mphepete mwa block. Pamafunika kusema block ija kuti apeze podutsa. Pezani makaniko wa pansi pa mtengo, wokhala ndi girayinda yopanda chotchinga ndi magalasi a dzuwa, amene sayeza kanthu chifukwa, mwa mawu ake, maso ake ndiwo muyezo. Imani pambali muzionerera zitsulo zikuthetheka. Mukaona wasiya mwadzidzidzi, wasuzumira, wapukuta ndi chala, n'kuyamba kukufunsani za moyo wa ana kunyumba, dziwani kuti waboola njira ya madzi. Musakwiye. Block ina mukasaka ku Sakubva, ndipo kusakako kudzakuphunzitsani kuleza mtima kumene abusa analephera kukuphunzitsani.

Makaniko adzakuuzani kuti mugule mapisitoni ena aafupi, chifukwa akalewo adzatumphira pamwamba n'kumenya cylinder head. Adzatinso crankshaft ya 400 imafuna flywheel yake kuti injini isanjenjemere. Yankhani kuti ndalama zatha. Kunjenjemerako n'kothandiza msana, ndipo mabawuti ogwa m'njira adzakusonyezani pobwerera.

Chimene sanganame ndi ichi: injini yotere imakoka kwambiri ikamazungulira pang'onopang'ono, koma mukasiya ma head ndi kabureta zakale, ikakwera imabanika, mpweya osakwana. Kwa ife si vuto, chifukwa msewu wa ku Penhalonga ndi Christmas Pass ndi zitunda ndi makona okhaokha. Ndipo Mutare ali pamwamba, kupitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja, kumene mpweya ndi wopepuka ndipo injini imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zake. Mfundo imeneyi ndi yoona, choncho isungeni bwino. Ndi yokhayo imene mungapite nayo kwa mayi a kunyumba pofotokoza kumene kwalowera fizi ya ana.

Mphamvu ikachuluka imafuna potulukira. Iyamba ndi kilatchi, kenako giyabokosi, kenako difu. Zisiyeni zithyoke chimodzichimodzi, kuti chisoni chisabwere tsiku limodzi. Radiyeta yakale idzawira, koma madzi m'chigwa chino sasowa. Za mabuleki musataye nazo nthawi. Nkhani yathu ndi yokwera phiri, zotsika ndi za Mulungu.

Petulo ndiye musadandaule, paipi yochokera ku Beira imafikira pa Feruka, pakhomo penipeni pa Mutare. Kungoti si wanu. Wanu ndi wa papampu, wosakaniza ndi ethanol wa nzimbe za ku Chisumbanje, amene amadya timalabala ta kabureta yakale mwakachetechete. Malita 6.3 aja saona nkhope, amamwa mofanana kaya mwalandira kaya simunalandire. Gulani malita asanu m'chigubu, akwanira kuliza injini Lamlungu masana ndi kubwerera m'mbuyo mpaka pageti.

Tsiku loyesa, dzerani cha ku La Rochelle, kumunda wa maluwa umene Sir Stephen Courtauld ndi mkazi wake Virginia anasiya. Alendo amapitako kukafuna bata, ndiye chotsani sailensa kuti adziwe kuti m'chigwa muno mulinso anthu. Mukafika pakati pa Christmas Pass, nthunzi ikayamba kutuluka m'boneti, imikani pambali ndipo yang'anani mapiri ngati mwadzera kuona malo. Posachedwa ifika mushikashika, ka Honda Fit ka malita 1.3, anthu atathinana mpaka mubuti, kakukwera osatsokomola. Dalaivala wake muitaneni mwaulemu kuti achimwene, ngakhale ali msinkhu wa mwana wanu. Chingwe chokokera muzikhala nacho chanu, ndipo chikhale chokhuthala, poti V8 ndi yolemera.