Nanga womasulira woyambayo anamumasulira ndani?

Mwana wa mlongo wanga amaphunzira za makompyuta pa yunivesite ya UNZA, pafupi pomwepa ndi Kalingalinga. Akuti kompyuta imamva 0 ndi 1 basi, choncho zolemba za munthu zimadzera kaye mu pulogalamu yomasulira. Chabwino. Nanga yomasulirayo inamasuliridwa ndi chiyani? Akuti ndi inzake yakale. Nanga yakaleyo?

"Amalume, mumayamba ndi kakang'ono kolemba pamanja, iko n'kumanga kokulirapo."

Anandionetsa Forth, chinenero chimene Charles Moore anapanga cha m'ma 1970, chomwe chinkayendetsa makina oyang'anira nyenyezi ku Kitt Peak, ku Arizona. Mmenemo salemba 3 + 4, amalemba 3 4 +. Ndinafunsa ngati Moore anathawa sukulu. Akuti ayi, manambala amasanjikizana ngati mabuloko amene timaumba kuno: umaika pamwamba, umachotsanso pamwamba. Ika 3, sanjikapo 4, chizindikiro cha + chitenge awiri apamwambawo n'kusiyapo 7. Nanga wapansi ukamufuna msanga? Akuti udikire, kapena uwatembenuze ndi mawu oti SWAP.

Chimene chandizunguza mutu n'chakuti kachinenero aka kamaphunzira. Mnyamatayo analemba : KAWIRI DUP + ; (DUP amabwereza nambala yapamwamba), ndipo pompo kompyuta inadziwa mawu oti KAWIRI. Polemba 5 KAWIRI inapereka 10. Ndiye kuti ikumva Chinyanja? Anangoseka. Akuti kalipo kena kotchedwa sectorforth kokwana m'mabaiti 512, malo a zilembo 512 basi, ndipo poyamba sikadziwa ngakhale nambala 1, umachita kukaphunzitsa. Kanthu kosadziwa 1 kangabale bwanji pulogalamu yowerengera ndalama?

Ndipo n'kuvutikiranji, zomasulira zikuluzikulu zili mbwee pa intaneti, zaulere? Apa nkhope inasintha. Akuti mu 1984 katswiri wa makompyuta Ken Thompson anaonetsa kuti womasulira angabise chinyengo m'mimba mwake n'kumapatsira womasulira aliyense amene wamubala, zolemba za anthu zikuoneka zoyera. N'chifukwa chake mu 2023 a GNU Guix analengeza kuti mapulogalamu awo akumera pa kambewu ka mabaiti 357, kamene munthu angakhale pansi n'kukawerenga konse.

Pamenepo ndamvako. Koma kambewuko kamayenda pa makina, si choncho? Nanga m'kati mwa makinawo anawerengamo ndani?

"Amalume, tiyi wanu wazizira."