Mitala ya m'kompyuta

Mlembi wa ndime ino amatchuka kumudzi kwawo kuti ndi katswiri wa makompyuta, chifukwa choti amatha kuika nyimbo pa fulashi. Mbiri yomweyi ndiyo inamulowetsa m'mitala. Laputopu yake yakale inabwera ndi Windows, ndipo banja linali pamtendere mpaka mnzake wina atamunong'oneza kuti akatswiri enieni amagwiritsa ntchito Linux, komanso kuti njaulere. Atangomva zaulerezo, mkuluyu sanafunsenso zambiri. Anagawa disiki pawiri n'kulowetsa Ubuntu, mtundu wa Linux umene kampani ya Canonical, ya Mark Shuttleworth wa ku South Africa, inayamba kutulutsa mu 2004.

Nkhondo inayambira pa wotchi. Ubuntu amatchera wotchi ya m'kati mwa kompyuta pa nthawi ya UTC, pomwe Windows amaiwerenga ngati nthawi ya kuno kwathu, yomwe ili patsogolo ndi maola awiri. Ndiye akachoka kwa wamng'ono n'kulowa kwa wamkulu, wotchi inkabwerera m'mbuyo. Anzake akunyamuka 12 koloko kukadya nkhomaliro, iye laputopu ikumuuza kuti ikadali 10 koloko, apitirize ntchito. Kumanidwa nsima ndi makina ogula yekha, zimenezo mlembi wanu anakana.

Anaganiza zosudzula wamng'ono. Anatsegula Disk Management, n'kupeza chigawo chopanda dzina ngakhale chilembo, pakuti Windows sawerenga ext4, kasungidwe ka mafayilo ka Ubuntu. Anadina Delete Volume, malo otsalawo n'kupatsa wamkulu, kenako n'kuitanitsa tiyi monyadira.

Poyatsanso kompyuta, sikirini inangoti bii, pakona pali timawu takuti grub rescue. Analemba help, makina akuti lamulo limenelo sakulidziwa. Analemba Windows, yankho lomwelo. Akuti analembanso chonde, koma nkhani imeneyi mwini wake amaikana.

Chomwe katswiriyu sankadziwa n'chakuti Ubuntu polowa m'nyumba amasintha loko wa pakhomo. Amabwera ndi pulogalamu yotchedwa GRUB, ija imafunsa poyatsa kuti lero mukalowa kwa ndani. Pa makompyuta akale a BIOS, kachidutswa koyamba ka GRUB kamakhala mu MBR, mabayiti 512 oyambirira a disiki, pomwe mafayilo ake ena amakhala m'chigawo cha Ubuntu. Mukafufuta chigawocho, kachidutswa kaja kamafunafuna anzake osawapeza. Windows ali bwinobwino m'katimo ndi katundu wake yense, koma makiyi apita ndi wosudzulidwa.

Anamupulumutsa ndi mwana wa aneba, wa Fomu 3. Pa kompyuta ina anakonza fulashi ya 8GB yoikira Windows, n'kuyatsira laputopu ija pa fulashiyo. Anasankha Repair your computer, n'kutsegula Command Prompt, n'kulemba bootrec /fixmbr. Basi, khomo linatseguka. Nthawi yonseyi mlembi wanu anali ataima kumbuyo akugwedeza mutu, amvekere: "Eya, ndimafuna ndione ngati kusukuluko akukuphunzitsani." Mwanayo, poti ngoleredwa bwino, anangoti, "Akutiphunzitsa ndithu, bambo."

Makompyuta atsopano a UEFI savuta chotero. Mumalowa mu zotchera za makinawo poyatsa, kawirikawiri ndi F2 pa Dell kapena F10 pa HP, n'kuika Windows Boot Manager pamwamba pa mndandanda. Kafoda ka ubuntu kamatsalira m'chigawo cha EFI, koma sikaluma munthu.

Chimene bootrec sangabweze ndi zomwe zinali m'chigawo chofufutidwacho. Mmenemo ndi momwe munali zithunzi za chinkhoswe cha mlamu wake, zimene mayi a kunyumba anamusungitsa poti iye ndiye wodziwa za makompyuta. Akamufunsa kuti, "Bambo a ana, zithunzi zija zili kuti?" amayankha kuti makina akuzikonza. Yankho limeneli layamba kutha mphamvu.

Inu amene mwatopa ndi mitala yotere, yambani mwakopera mafayilo anu pa disiki ina, ndipo fulashi ya Windows ikhale pafupi. Bwezerani makiyi kwa amene akutsala, muzimitse n'kuyatsanso kuti muone ngati akulowa yekha osafunsa GRUB. Mukatsimikiza, pamenepo ndiye mufufute chigawo cha winayo.