Mphini za pa foni ndi malaya anga a manja aatali

Kuno ku Mua kukatentha mu Okutobala ngakhale buluzi amafuna mthunzi, koma ine mudzandipeza nditavala malaya a manja aatali. Anthu amati ndi ulemu wa mkulu wa mphakati. Asiyeni aziganiza choncho.

Mnyamata wanga wa Fomu 3 adapita ku Golomoti kukaikitsa nyimbo pa memori khadi, n'kubwerako ndi pulogalamu ya ku America yotchedwa Ink Master, yomwe idayamba mu 2012. Mmenemo akatswiri ojambula pakhungu amapikisana, wolephera n'kumuuza kuti alongedze azipita, ndipo pali anthu olimba mtima amene amangopereka msana wawo kuti ajambulidwepo chigaza chamutu. Nditasuzumira, ndidagamula pomwepo: pakhomo pano ayi! Ndidatchulanso Levitiko 19:28, mawu ndikukweza kuti aneba amve kuti pano pali bambo.

Ndidaiwala kuti ndili pachikamwini.

Apongozi anga, ali pamphasa kusenda mtedza, adati, "Tabwera nayoni kuno lamyayo." Adayang'ana, n'kuseka mpaka kutsokomola. "Ha! Si mphini izi? Ndiye mpaka kuvala magolovesi?" Adatiloza timizere takuda ta pamphumi ndi m'masaya mwawo. Akuti m'nthawi yawo namwali ankagona pansi, mayi wodziwa n'kumutema ndi lumo, kenaka n'kupakamo makala osinja, ndipo ukalira anzako ankakuseka mwezi wathunthu. Wopanda mphini ankamunena kuti ngoterera ngati mlamba. Zina adati zili poti mkamwini sayenera kumva, ine n'kuyang'ana kudenga.

Mnyamatayo adapezerapo mpata. "Nanga ababa, azungu obwera ku Chamare aja?" Apa adandigwira. Chiyambire pomwe Bambo Claude Boucher adakhazikitsa KuNgoni mu 1976, makamaka chitsegulire nyumba ya chikhalidwe ya Chamare, alendo sakata phazi kudzaona nyau za Gule Wamkulu, ena mikono ili mbuu ndi zinjoka ndi maluwa. Messi amene ndimamukuwira kuvidiyo ku Mtakataka nayenso mkono wake udadzaza. Ndiletse foni, kodi ndiletsenso mpira?

Wondimaliza adali mayi akunyumba. "Abambo, tapindani malayawo." Pamkono wanga wamanzere pali zilembo ziwiri, MM, zomwe mnzanga wa kusekondale adandiboola ndi singano yosokera ndi inki ya bolopeni. Zaka zonsezi ndakhala ndikunena kuti zikuimira Mua Mishoni, yomwe ansembe a White Fathers adatsegula mu 1902, poti ndine wokonda mbiri ya mpingo. Mayi akunyumba amangoti, "Mishoni yake ija idakwatiwa ku Salima."

Singano ija ndiyo imandisowetsa tulo ndikaganiza za anawa. Tidaigwiritsa ntchito gulu lonse la m'chipinda chogona, kuipukuta pa kabudula basi. Lero zimenezo ndi kuitana HIV ndi matenda a chiwindi. A pa pulogalamu paja aliyense amatsegulira singano yakeyake, ndipo m'madera ambiri a ku America mwana wosakwana zaka 18 samujambula makolo asadavomere. Mwana woonera yekha zimenezi saziona, amangoona chinjokacho, mawa n'kukapeza mnzake wa singano yosokera.

Choncho chigamulo ndachikonza, mothandizidwa ndi apongozi. Aziwonera, koma pakhonde, ine ndili pomwepo, ndipo pomwe akutukwanizana Chingerezi tizichepetsa mawu. Khungu lake asalikhudze mpaka alembe MSCE ndi kuyamba kugula yekha sopo.

Inu anyamata a ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka, ngati mwatsimikizadi, lembani dzina la amayi anu. La chibwenzi lija mudzavala nalo malaya a manja aatali mu Okutobala.